Nyali ya Siginala ndi Bere la Mbuzi

Ku Senga Bay ndi ku Chipoka, usiku wopanda mwezi, usipa umasonkhana potsata nyali ya siginala. Nyaliyo ikazima asodzi asanazungulize chilimira, nsomba zimabalalika, ulendo wonse n'kupita pachabe. Bere la nyama nalo lili ndi nyali yake, yoyenera kuyaka osalekeza mpaka tsiku lobereka.

Nyaliyo ndi homoni yotchedwa progesterone. Dzira likatuluka m'thumba la mazira, pamalo pomwe latulukapo pamamera kanyama kachikasu komwe madokotala amati corpus luteum. Kanyamaka ndi komwe kamapanga progesterone, ndipo homoniyi imakonza khoma la chiberekero kuti mwana akhazikike, n'kuletsa chiberekerocho kufinya nthawi isanakwane.

Mu 1903, Ludwig Fraenkel adaonetsa kuti kalulu akamuchotsa kanyamaka bere likadali laling'ono, berelo limatayika. Mu 1929, George Corner ndi Willard Allen ku Rochester adatenga madzi a kanyamaka m'matumba a mazira a nkhumba, n'kubaya akalulu omwe adawachotsa matumba awo, ndipo mabere adakhalabe. Makoswe oyera a mu labotale adaonjezera china. Khoswe amatenga bere masiku 21 mpaka 23, ndipo pafupifupi masiku onsewo amadalira thumba la mazira. Poyamba kanyama kachikasu kaja kamasungidwa ndi homoni ya prolactin yochokera kunsi kwa ubongo. Bere likafika pakati, nsengwa ndi yomwe imatumiza mahomoni oti kasafote. Koma nsengwa ya khoswe payokha sipanga progesterone yokwanira.

Kwa munthu n'kosiyana. Pathupi pakafika masabata 7 mpaka 9, nsengwa imalandira nyali ija n'kuyamba kupanga yokha progesterone. Nkhosa nayo imatero pakadutsa masiku ngati 50.

Mbuzi ndiye ayi, ndipo izi n'zimene ndikufuna mlimi wa ku Salima azisunge, poti mbuzi ndiyo imalipira fizi ya mwana ndi kugula chimanga chaka cha njala. Pa masiku pafupifupi 150 a bere lake, mbuzi imadalira kanyama kachikasu kuyambira tsiku loyamba mpaka kumapeto, monga khoswe. Kakafota msanga, kaya ndi mwezi wachiwiri kaya wachinayi, mbuzi imapoloza.

Pali jakisoni wa prostaglandin yemwe madokotala a ziweto amabaya mbuzi ndi ng'ombe kuti zifune mphongo pa nthawi imodzi. Ntchito yake n'kufotetsa kanyama komweka. Kwa mbuzi yopanda bere, n'chithandizo chabwino. Kwa ya bere, n'kutaya ana, nthawi zina amapasa. Mbuzi zathu zambiri zimayenda momasuka nyengo yachilimwe, ndipo tonde wa kwa mnansi amakwera mwini wake osaona. Choncho mlangizi wa ziweto akafika ndi jakisoniyu, muuzeni mosabisa kuti mbuziyo yakhala ikudya ndi atonde, ndipo musalole kuti aibaye asanaiyeze ngati ili ndi bere.