"Muona nokha bwana" akusaukitsa amisiri a ku Ntcheu

Ntchito yanga ndi yophunzitsa kayendetsedwe ka bizinesi kwa anthu amene anadzilemba okha ntchito: atelala, akalipentala, owotcherera zitsulo, amagetsi, okonza mafoni, ojambula pa zinkhoswe ndi maukwati. Onsewa alibe bwana wowapatsa malipiro pakutha pa mwezi, amadya za luso lawo. Anthu akamva za ntchitoyi amaganiza kuti ndimangophunzitsa masamu ndi kalembedwe ka mabuku a ndalama. Zimenezo zilipodi, koma sizichedwa kulowa m'mutu. Chimene chimandithera nthawi ndi kumufikitsa mmisiri poti atchule mtengo wa ntchito yake mawu osanjenjemera.

Kuyambira pa boma mpaka pa Kampepuza, Bawi, Manjawira ndi ku Tsangano, ndimakumana ndi chizolowezi chimodzimodzi. Mnyamata wayala matailosi nyumba yonse, mizere yowongoka bwino, m'makona modulidwa mwaukhondo, mawondo atayera ndi simenti. Mwini nyumba afunsa kuti, "Ndiye zingati achimwene?" Mnyamata uja avula chipewa, akanda kumutu, maso pansi, n'kuyankha kuti, "Aaa, muona nokha bwana." Bwanayo aonadi yekha, ndipo chimene aone n'chimene chili chopepuka kuthumba lake. Madzulo mmisiri adandaula kwa mkazi wake kuti anthu a masiku ano ndi oumira, chonsecho pakamwa pake sipanatuluke nambala iliyonse.

Tsono taimani pa Lizulu m'mbali mwa msewu wa M1, mufunse ndowa ya kachewere. Mayi wogulitsa amatchula mtengo osaphethira. Mukanenerera amatsitsako pang'ono, koma ali ndi polekezera, ndipo mukapitirira pamenepo amanyamula ndowa yake kupita pa galimoto ina. Iye akudziwa kuti wabwera ndi katundu amene inu mukumufuna. Mmisiri uja nayenso anabwera ndi chinthu chimene mwini nyumba sangathe kuchita yekha, koma mumtima mwake amadziona ngati munthu amene wachitiridwa chifundo popatsidwa ntchito. Amene akuona kuti akuthandizidwa satchula mtengo, amangolandira ndi manja awiri.

Nkhani ya kaganizidwe yatchuka masiku ano. Ngakhale masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, anaika kusintha kaganizidwe patsogolo pa zinthu zothandiza kuti dziko litukuke. Vuto ndi loti ambiri amaimva ngati nkhani yofuula pa msonkhano kuti "ndine wopambana" kenako n'kubwerera kunyumba. Ife pa ntchito yathu kaganizidwe timakayeza ndi zochita zooneka: kodi munthuyu amatchula mtengo asanayambe ntchito? Amapempha yachikole? Amalemba zimene agwirizana? Amapita kukasaka makasitomala, kapena amakhala pa khonde la sitolo kudikira kuti wina amuitane? Amatha kukana ntchito yomulowetsa pansi?

Ndipo si nkhani yongoganizira. Ku Lomé, m'dziko la Togo, akatswiri a World Bank pamodzi ndi katswiri wa za maganizo Michael Frese anachita kafukufuku pa eni mabizinesi ang'onoang'ono pafupifupi 1,500. Ena anawaphunzitsa zachizolowezi monga kusunga mabuku ndi kutsatsa malonda, ena anawaphunzitsa kuyamba okha zinthu osadikira kuuzidwa, kuoneratu mavuto asanafike ndi kusabwerera m'mbuyo zikavuta. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2017, zinaonetsa kuti phindu la gulu lachiwirili linakwera ndi pafupifupi 30 pa 100 aliwonse m'zaka ziwiri, kuposa kutali la gulu loyamba lija. Mabuku ndi ofunika, koma buku silimutuma munthu kukagogoda pa ofesi ya mphunzitsi wamkulu kukafunsa ngati sukulu ikufuna madesiki.

Kulimba mtima kwenikweni kumachokera pa kudziwa masamu ako. Tiyerekeze kuti wowotcherera walandira oda ya geti. Ambiri amawerengera machubu, malata, ma welding rod ndi penti, n'kuikapo kangachepe pamwamba. Amaiwala mayunitsi a magetsi, ma disc a grinder amene amatha, thiransipoti yokatengera zitsulo ku Lilongwe kapena ku Blantyre, chakudya ndi malipiro a mnyamata womuthandiza, lendi ya shedi, ndi kakobiri kosungira tsiku limene makina adzapse. Choiwalika kwambiri ndi malipiro a iye mwini pa masiku amene wagwira. Zonsezi zikalembedwa pa pepala, ndimaona nkhope ya munthu ikusintha. Amazindikira kuti mtengo umene amauopa kuti ndi wokwera ndiwo mtengo weniweni, ndipo umene wakhala akutchula zaka zonsezi unali woti iye azilipirira geti la mnzake.

Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 pa 100 aliwonse, dola n'kufika pa K1,700. A masitolo a zipangizo anasintha mitengo tsiku lomwelo, osapepesa aliyense. Amisiri ambiri amene ndimawadziwa anakhala miyezi akutchula mitengo yakale poopa kuti anthu aziti ayamba matama. Ena anamaliza ntchito zimene anagwirizana kale ndi ndalama za m'thumba mwawo, mpamba n'kuthera pomwepo. Chikhala kuti pa pepala la mgwirizano panali mzere umodzi wonena kuti mtengowu ugwira ntchito kwa masabata awiri okha, bwenzi atapulumuka.

Ife a kwa Gomani tinaleredwa mu ulemu, ndipo sindikufuna kuti tiutaye. Kuvula chipewa ndi kupereka moni bwino zimakopa makasitomala. Koma munthu akhoza kunena mwaulemu wonse kuti, "Bambo, ntchito imeneyi ndi yakutiyakuti, theka mundipatsiretu ndigulire zipangizo, yotsalayo ndikamaliza." Palibe chipongwe m'mawu amenewa. Povuta kwambiri ndi pa achibale. Malume akabweretsa nsalu, mlamu akafuna mawaya a magetsi m'nyumba, pakamwa pamauma. Chibale ndi fupa sichiola, n'zoona, koma langizo langa ndi loti mukafuna kuthandiza m'bale, muuzeni mtengo wonse kaye, kenako munene mbali imene mwamukhululukira. Akatero amadziwa kukula kwa mphatso imene walandira, ndipo sakauza anzake kuti kwa uje n'kotchipa.

Palinso matenda a mbali inayo, ndipo ndi oipa chimodzimodzi. Mmisiri wodzimva kuti palibe womuposa amalandira yachikole kwa anthu asanu, n'kuidya, kenako n'kuyamba nyimbo ya "mubwere mawa" mpaka kuzimitsa foni. Ameneyu sakudzilemekeza, akungowononga dzina la amisiri onse, ndipo ndi chifukwa chake makasitomala ena amakana kupereka ndalama patsogolo. Wodziona ngati mwini bizinesi amadziwa kuti yachikole si yake mpaka ntchito itatha. Amaisunga payokha, kaya pa Airtel Money, pa Mpamba kapena ku banki, osaisakaniza ndi ya ndiwo.

Sindikunena kuti kaganizidwe kabwino kayatsa magetsi akazima kapena kutsitsa mtengo wa simenti. Ngakhalenso satifiketi ya TEVETA kapena kulembetsa dzina la bizinesi sizibweretsa makasitomala pazokha, ngakhale zimatsegula zitseko za masukulu, mipingo ndi mabungwe amene amafuna kotesheni ndi lisiti. Koma pakati pa amisiri awiri a luso lofanana, ovutika ndi magetsi omwewo, amene ndimamupeza atagula makina achiwiri pakapita zaka ndi uja amene amatchula mtengo, kulemba, ndi kusunga tsiku limene analonjeza.

Choncho inu amisiri a kuno kwathu, ntchito ikubwerayi musaigwire musanatenge kope ndi cholembera. Lembani zipangizo zonse, lembani masiku anu ndi malipiro anu, muuzeni kasitomala mtengo ntchito isanayambe, ndipo nonse awiri musayinire.