Matuza a pa Khoma

Ana inu, munthu akapsa ndi moto padzanja, pamatuluka thuza, ndipo m'kati mwake mumakhala madzi. Khoma la nyumba nalonso limachita matuza. Kapena mwaonapo m'nyumba yopaka penti, makamaka pakutha pa dzinja, kuti pentiyo watupa apa ndi apo. Mukamdinikiza ndi chala aphulika, nasiya chipsera chonyansa. Anthu ambiri amati penti ndiye woipa, nathamangira kusitolo kukagula wina. Koma kawirikawiri mlandu si wa penti ayi. Mlandu uli ndi madzi obisala m'khomamo.

Nanga madziwo alowamo bwanji? Tayang'anani nyali ya palafini. Mafuta ali pansi, koma akwera okha m'chingwe kufikira pamoto. Momwemonso njerwa ili ndi timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, ndipo imamwa madzi a m'nthaka niwakweza. Chinyontho chotere sichikwera kwambiri kupitirira mita imodzi, ndiwo msinkhu wa mwana wa zaka zinayi. Chifukwa chake matuza akakhala m'munsi mwa khoma, dziwani kuti madzi achokera pansi. Akakhala m'mwamba, funani pamene denga likudontha.

Penti wamafuta ali ngati chikopa, salola madzi kupyola. Tsono dzuwa likatenthetsa khoma, madzi aja asanduka nthunzi, nafuna potulukira, namkankha penti. Ndiponso madziwo amabwera ndi mchere wa m'nthaka ndi wa m'njerwa. Akauma, mcherewo utsala ngati ufa woyera kunsi kwa penti, numtukula. Njereza ilibe vuto lotere kwenikweni, pakuti imalola khoma kupuma. Ndipo ine ndiyesa kuti pa nyumba ya zidina njereza iposa penti wa mtengo wapatali.

Wofuna kuchiritsa khoma ayambe watseka njira ya madzi. Akonze denga, aunde khonde kuti madzi a mvula asaime m'mbali mwa nyumba, nakumbe ngalande yakuwapititsa kutali. Amisiri anzeru pomanga amayala pulasitiki wakuda pamwamba pa maziko, kuti chinyontho chisakwere konse. Akatero apale penti yense wotupa kufikira polimba, nasese mchere uja ndi burashi youma. Asautsuke ndi madzi, pakuti ukasungunuka ubwereranso m'njerwa. Pamenepo adikire. Apa ndi pamene ambiri amalephera, chifukwa cha changu chofuna kukometsa nyumba Khirisimasi isanafike, mvula ili m'kati. Nyengo yabwino ndi chilimwe, mwezi wa Seputembala kapena Okutobala, khoma litauma ndithu. Pulasitala watsopano ayenera kukhala milungu inayi kapena kuposerapo asanapakidwe. Popaka, apake mopyapyala kawiri, ndipo wachiwiri adikire woyamba aume.

Koma ntchito yopala si yanu anafe ayi, ndi ya akulu. Penti wina, makamaka wamafuta wakalekale, ali ndi mtovu, ndiwo ululu umene umaononga ubongo wa mwana pang'onopang'ono, osamva kuwawa. Musamatong'ole matuza ndi zikhadabo posewera. Mukaona zidutswa za penti zagwa pansi, uzani amayi azitole ndi nsanza yonyowa, mng'ono wanu wokwawa asanaziike m'kamwa. Ndipo ngati mwazigwira, sambani m'manja ndi sopo musanadye.