CITHUNZI COSOWA MWINI WACE

Abale a ku migodi ndi m'mapurazi, tamvani dandaulo la mkulu wina wa ku Ncheu wokhala ku Aerodrome, m'Bindura muno, mudzi umene kufikira 1913 dzina lace linali Kimberley Reefs. Zinacitika mafoni ojambula asanadze.

Kwao kunamveka mbiri yakuti mkuluyu wacona, ena nati wafa. Ndipo anafuna kutumizira mkazi wace cithunzi, cikhale mboni. Anabwereka malaya oyera ndi njinga ya mnzace, naima pa khoma la njereza, dzuwa liri paliwombo.

Atatsuka filimuyo, taonani! Njinga yatuluka bwino ndi belu lomwe, malaya alikuwala, koma pankhope pali mdima, kuoneka mano okha. Mkuluyo anafunsa wojambula mwaulemu ngati ndalama zace analipirira njinga ya eni, ndi ngati mkazi angazindikire mwamuna ndi mano.

Ife tiyesa dandauloli nlomveka. Mafilimu ambiri a masiku aja anapimidwa pa khungu la Azungu, ndipo khoma loyera linanyenga kamera. Wojambula akadamuimika pamthunzi.

Cithunzico anatumizabe. Yankho linabwera: mai afunsa kuti njingayo ifika liti.