Bilu ya madzi ikakwera, yambani mwafunsa mita

Bilu ya madzi ikabwera yokwera modabwitsa, ambiri amathamangira kunena kuti a Water Board awabera. Koma pali chinthu chimodzi chomwe eni nyumba amachiiwala: udindo wa bungweli umathera pa mita. Madzi onse amene adutsa pamenepo ndi anu, kaya mwamwa, mwachapira kapena alowa m'nthaka kuseri kwa nyumba. Ndipo si madzi otchipa. Ambiri mwa amene amafika ku Ndirande kapena ku Chilomoni amachita kuwapopa ndi magetsi kuchokera ku Walker's Ferry, pa mtsinje wa Shire, kukwera mtunda mpaka ku Blantyre. Mpopi wodontha kamodzi pa sekondi iliyonse umataya malita oposa 10,000 pa chaka, koma uwu umaoneka. Oopsa ndi malo amene akuchucha osaoneka.

Mita yomwe anthu amaikayikirayo ndiyo ingakuuzeni zoona, popanda kulipira aliyense. Tsekani mipopi yonse, lembani manambala a pa mita, makamaka ofiira amene amawerenga malita, ndipo pasakhale wotunga madzi kapena wogejemula chimbudzi kwa maola awiri. Manambalawo akasintha, penapake pakutayika madzi. Kenako tsekani chotsekera madzi chapakhoma, pomwe paipi ikulowera m'nyumba. Mita ikapitiriza kuyenda, vuto lili pa paipi ya pansi pa nthaka, ndipo kawirikawiri mudzapeza kadera ka udzu wobiriwira m'mwezi wa October pomwe bwalo lonse lauma gwa. Ikaima, vuto lili m'kati: yang'anani khoma lonyowa, penti yosupuka, kapena thanki ya pamwamba yomwe imasefukira usiku madzi akabwera mwamphamvu anthu ali mtulo.

M'nyumba zambiri wolakwa amakhala chimbudzi. Kalabala ka pansi pa thanki yake kakatha, madzi amatsetsereka m'mbale usana ndi usiku, mwakachetechete, n'kumapita kudzenje. Thirani madontho angapo a kala wa zakudya m'thankimo, musagejemule, mudikire mphindi 15. Kalayo akaonekera m'mbale, mwachipeza.

Ena adzati mita imanama, makamaka m'madera omwe madzi amasiyasiya. Akunena zomveka: madzi akamabweranso, mpweya womwe unadzaza m'mapaipi umatha kuzunguza mita mpopi ukungotulutsa phokoso. Komabe zimenezi zimachitika pa nthawi yomwe madzi akubwerayo basi, pomwe paipi yobooka imayendetsa mita ola lililonse. N'chifukwa chake kuyesaku kuyenera kuchitika madzi atakhazikika, ndipo ndi bwino kubwereza tsiku lina. Mita ikapezeka kuti siikuyenda mipopi ili yotseka, koma bilu n'kukhalabe yosagwirizana ndi manambala omwe mwakhala mukulemba, pamenepo muli ndi umboni wopita nawo ku ofesi, osati mkwiyo wokha.

Enanso amazengereza poopa mtengo wa mmisiri wa mapaipi, makamaka alendi amene amati nyumba si yawo. Koma bilu imabwera kwa wokhalamo, ndipo amene ali ndi mita yolipiriratu amangoona mayunitsi akutha msanga. Mmisiri woitanidwa mutadziwa kale mbali yomwe pali vuto sakumba bwalo lonse kapena kugumula khoma mongoyerekeza.