THADZI NDI MAZIRA ACE: MALANGIZO KWA ALIMI NDI MAFUMU A M'MIDZI

Palibe mudzi wopanda nkhuku, ndipo palibe mlimi amene sanaone thadzi likukhalira mazira. Koma takumbukirani thadzi lanu limene munalileka likhalire mulu wonse wa mazira amene munawapeza m'cisa. Kodi anapiye amene linaturuka nao anali angati? Kawiri kawiri amaswa ndi owerengeka, ndipo otsalawo mumakawataya kudzala atasukusa. Mazira amenewo akadadyedwa ndi ana anu, kapena akadagulitsidwa. Ena amati ndi tsoka, ena amanena thadzi kuti ndi laulesi. Koma thadzi lidziwa nchito yace: lifunditsa mazira, liwatembenuza, liwateteza. Cimene silidziwa ndico kusankha mazira ndi kuwerenga masiku. Imeneyo ndiyo nchito yanu, inu mwini wace.

1. TAMBALA

Nkhuku yaikazi iikira mazira ngakhale pakhomo palibe tambala, koma mazira otere sangaswe, ayenera kudyedwa basi. Tambala mmodzi wamphamvu akwanira nkhuku zazikazi 10. Zikacuruka koposa apa, mazira ena adzakhala opanda mbeu. Tambala akafa kapena mukamgulitsa, musakhulupirire mazira oikiridwa patapita masabata awiri.

2. KUSANKHA NDI KUSUNGA MAZIRA

Tolani mazira tsiku ndi tsiku, ndi kusiya limodzi lokha m'cisa kuti nkhuku isasamukire kwina. Dzira liri lonse mulilembe tsiku lace ndi pensulo kapena khala. Sankhani mazira a msinkhu wapakati, a cigoba colimba ndi cosalala. Ong'aluka, ang'ono kwambiri, akuru kwambiri ndi opaka zitosi muwaike padera, akhale ndiwo. Musatsuke dzira lofuna kukhaliridwa, pakuti madzi acotsa cophimba cosaoneka cimene citsekereza tizirombo kuti tisalowe m'kati.

Sungani mazirawo m'mbale ya gaga kapena ya mcenga, mbali yosongoka iloze pansi, ndipo muiike pozizira, monga pafupi ndi mtsuko wa madzi akumwa. Musawaike kukhichini kapena padzuwa. Dzira likafunda, mbeu ya m'kati iyamba kukula, ndipo likazizanso usiku mbeuyo ifa. Mazira abwino koposa ndiwo osapitirira masiku 7. Akapitirira masiku 10, ambiri a iwo sadzaswa, makamaka m'nyengo yotentha.

3. THADZI LOYENERA

Thadzi lofunadi kukhalira ligona m'cisa usana ndi usiku. Mukaliyandikira liimika nthenga, lilira mwaukali ndi kujompha dzanja, ndipo pacifuwa pace pamakhala pothothoka nthenga. Muyambe mwaliyesa masiku awiri ndi mazira awiri kapena atatu opanda nchito. Likakhazikika, pamenepo mulipatse mazira osankhidwa aja. Thadzi limene linalerapo ana bwino liposa msoti.

Nkhuku zakuda za ku Mikolongwe, za mtundu wa Black Australorp, ziikira mazira ambiri koma sizikonda kukhalira monga zicita nkhuku za m'mudzi. Cifukwa cace mukafuna anapiye a mtundu umenewu, ikani mazira ace pansi pa thadzi la m'mudzi. Ilo silisankha, lidzalera anawo ngati ace.

4. CISA

Konzani cisa pamalo a mthunzi, opanda phokoso, pamene agaru, makoswe ndi njoka sizingafike, ndiponso pamene nkhuku zina sizingalowe. Dengu lakale kapena mphika waukuru wosweka zikwanira. Pansi thirani dothi, mulisalaze likhale lolowa pakati ngati mbale kuti mazira asagubuduke, ndipo pamwamba yalani udzu wouma watsopano. Udzu wa cisa cakale muutenthe, cifukwa ndimo mubisala utitiri ndi nsabwe. Tizirombo timeneti tiyamwa magazi a thadzi kufikira lithawa mazira. Wazani phulusa m'nthenga zace, ikani masamba a fodya ouma pansi pa udzu, ndipo zungulizani cisa ndi phulusa kuti linthumbu lisafike.

5. KUIKA MAZIRA

Apa ndi pamene alimi ambiri alakwa. Ikani mazira onse tsiku limodzi, madzulo kutada, pamene thadzi liri phee. Thadzi la m'mudzi likwanitsa mazira 10 kapena 12, laling'ono 8. Mazira a Mikolongwe ndi okulirapo, tsono mucepetseko. Mukaona dzira likusuzumira kunja kwa mapiko, dziwani kuti acuruka. Ndipo sikuti lionongeka ndi limodzilo ai, pakuti thadzi limasinthanitsa mazira, lero ili kunja, mawa lina, kufikira onse alawako kuzizira.

Dzira la nkhuku liswa pa masiku 21 kuyambira tsiku limene thadzi liyamba kulikhalira. Mukaonjeza dzira lina patapita masiku anai, lidzacedwa masiku anai. Koma anapiye oyamba akaswa, thadzi lidikira tsiku limodzi kapena awiri okha, kenaka lituruka nao kukafuna cakudya, ndipo mwanapiye wotsala m'dzira afa ndi cisanu atatsala pang'ono kuturuka. Cifukwa cace lembani cizindikiro pa mazira onse amene mwaika. Mukapeza dzira lopanda cizindikiro, laikiridwa ndi nkhuku yina, licotseni tsiku lomwelo.

Musasanganize mazira a mbalame zosiyana. A nkhanga afuna masiku 26 kufikira 28, ndipo a abakha athu a m'midzi afuna masiku 35.

6. KUSAMALA THADZI

Ikani cimanga ndi madzi oyera pafupi ndi cisa, koma osati m'cisa momwe. Thadzi lituruka kamodzi pa tsiku kukadya, kumwa ndi kusamba m'pfumbi, ndipo libwerera lisanathe theka la ora. Musalikanize, cifukwa mazira nao afuna mpweya. Dzira likasweka m'cisa, licotseni ndi kusintha udzu. Uzani ana kuti asamasewere pamenepo.

7. KUUNIKA MAZIRA

Pa tsiku la 7 usiku, tengani toci, gwirani dzira pakamwa pace ndi kutsekereza kuwala ndi dzanja lanu. Dzira lamoyo lionetsa kadontho kakuda ndi mitsempha yofiira yotambalala ngati ukonde wa kangaude. Dzira loyera mbee liribe mbeu. Dzira la mzere wofiira wozungulira linayamba kukula koma lafa. Awiri otsirizawa muwacotse, cifukwa dzira lobvunda likaphulika liononga anzace. Unikaninso pa tsiku la 14. Pamenepo dzira lamoyo lidzakhala lakuda, kupatula malo a mpweya ku mbali yace yaikuru. Musagwedeze dzira pakhutu monga acitira ena, mudzadula mitsempha. Kuyambira tsiku la 18 musakhudzenso mazira konse.

8. KUSWA

Pa tsiku la 20 mudzamva anapiye akulira m'kati. Mwanapiye aboola cigoba ca ku mbali yaikuru, ndipo angathe tsiku lonse asanaturuke. Musamthandize posenda cigoba, pakuti mitsempha yace isanaume adzakha magazi nafa. Musanyamule thadzi kuti muwerenge ana. Mazira osaswa pofika tsiku la 23 muwakwirire.

Tsiku loyamba anapiye safuna cakudya, cifukwa ali naco cacikasu ca dzira m'mimba mwao. Pambuyo pace apatseni misere yosalala, madeya, ciswe, ndi usipa wosinja. Madzi muwaike m'mbale yosaya, ndi timiyala m'kati kuti asamire. Asungeni ndi make m'kakhola kouma kapena pansi pa dengu lalikuru masabata anai kapena asanu ndi limodzi. Anapiye oyenda m'chire ndi m'mame athera kwa mphamba, kabawi ndi khungubwe.

9. MAU KWA MAFUMU NDI NYAKWAWA

Nchito yonseyi ingathe kupita pacabe ndi citopa, cimene cibuka kwambiri m'miyezi yotentha mvula isanagwe. Citopa ciribe mankhwala ociza, koma ciri ndi katemera wodonthezera m'diso, dontho limodzi pa nkhuku iri yonse, ngakhale mwanapiye, miyezi inai iri yonse. Itanani mlangizi wa ziweto, ndipo mudzi wonse utemeretse nkhuku tsiku limodzi, pakuti nkhuku za m'mudzi zidyera pamodzi. Letsani anthu anu kusanganiza nkhuku zogula kumsika ndi za pakhomo asanapite masabata awiri. Alimbikitseninso kusinthana atambala ndi midzi yina caka ndi caka, kuti tambala asamakwere ana ace omwe, cifukwa anapiye otere amakhala ofoka.

Ndipo inu mfumu muyambe ndinu. Konzani cisa cimodzi pakhomo panu monga mwa malangizo awa, lembani tsiku loika mazira, ndipo pa tsiku la 22 muitane anthu anu adzawerenge okha anapiye.