Kagalimoto ka mipando iwiri, galaja ya lendi: zomwe Miata yandiphunzitsa kuno ku South Bend

Lero ndikujambulira m'galaja, ndiye mukamva chitsulo chikugwa musadzidzimuke, ndi sipanala chabe.

Sabata yatha mnyamata wina wa ku Indianapolis ananditumizira uthenga. Akuti, "Achimwene, ndasungako kandalama, ndikufuna kagalimoto ka liwiro koti ndizikonza ndekha Loweruka. Ndiyambire pati?" Mng'ono wanga, gawo la lero ndi lako, koma enanu tcherani khutu, chifukwa nkhaniyi muli ndalama, muli mapepala okhalira m'dziko muno, mulinso moyo.

Ine galimoto yanga yoyamba inali ya mawaya, matayala ake zivindikiro za mabotolo. Ndili ku sekondale ndinkakonda kuima ku Biwi ku Lilongwe, kuonerera amakaniko akutsitsa injini ya minibasi pansi pa mtengo. Yomwe ndili nayo pano ndi Mazda MX-5, kuno amati Miata, ya 1997: mipando iwiri, denga la nsalu, magetsi akutsogolo otukuka ngati maso a chule. Nditawatumizira chithunzi amayi anandifunsa kuti, "Nanga ine ndikadzabwera, katundu wanga adzakhala pati?" Mpaka lero sindinawayankhe.

Chifukwa chiyani Miata? Mazda inaionetsa koyamba mu 1989 ku Chicago Auto Show, pafupi pomwepa, ndipo inagulidwa kwambiri moti zipangizo zake, zatsopano ndi zakaunjika, sizisowa. Kulemera kwake ndi pafupifupi tani imodzi basi. Injini ndi ya masilinda 4, yoima molunjika kutsogolo, mphamvu imapita kumatayala akumbuyo, ndipo ukatsegula boneti dzanja limafika paliponse. Kwa munthu wophunzira, imeneyi ndi sukulu yabwino kuposa galimoto ya ku Germany yomwe kachipangizo kamodzi kamadya malipiro a sabata.

Tisanapitirire, dziwani kuti tikukhala m'dera la magalimoto. Kuno ku South Bend, mu 1852, Henry ndi Clement Studebaker anatsegula malo osulira zitsulo n'kumapanga ngolo. Kampani yawo inadzayamba kupanga magalimoto, ndipo mu 1962 inatulutsa Avanti, galimoto ya liwiro ya thupi la fayibagalasi yomwe maonekedwe ake anakonzedwa ndi gulu la Raymond Loewy. Mu December 1963 fakitale inatsekedwa, anthu masauzande anataya ntchito. Koma ogulitsa magalimoto awiri a mumzinda muno, Nate Altman ndi Leo Newman, anagula ufulu ndi zida zopangira Avanti, n'kupitiriza kuipanga pamanja kuyambira 1965 ndi injini za Chevrolet. Mukapita ku Studebaker National Museum mukaiona. Ku Indianapolis nako, bwalo la Indianapolis Motor Speedway linamangidwa mu 1909, ndipo Indy 500 yoyamba mu 1911 anapambana Ray Harroun pa Marmon Wasp. Anzake onse anali ndi makaniko pambali wowayang'anira kumbuyo. Iye anangomangirira kalilole n'kuyenda yekha.

Tsopano kugula. Kumudzi tinazolowera kuitanitsa Sienta kapena Vitz ku Japan n'kukaitenga ku Dar es Salaam, nkhawa yathu n'kukhala pa injini ndi pa msonkho. Kuno mdani ndi wina: dzimbiri. Chipale chofewa chochokera ku nyanja ya Michigan chikayamba, misewu imathiridwa mchere, ndipo madzi amcherewo amakakamira kunsi kwa galimoto n'kumadya chitsulo mwakachetechete. Pa Miata malo oyamba kuwola ndi m'munsi mwa zitseko, kutsogolo kwa matayala akumbuyo. Chifukwa chake n'chakuti madzi a padenga amatsikira m'timipope ta kuseri kwa mipando. Timipopeto tikatsekeka ndi masamba, madzi amadikha mkati ndipo chitsulo chimawola kuchokera mkati kutulukira kunja. Ukaona penti ikutupa, dziwa kuti mkatimo zinthu zinaipa kale.

Ine ndinapita usiku, ndi tochi ya pafoni, mtima uli dyokodyoko. Wogulitsa anati ndi tizipsera chabe. Patapita miyezi itatu chala changa chinalowa m'chitsulo ngati m'chikondamoyo, ndipo kuwotcherera kunandidyera ndalama zomwe ndinkafuna kugulira matayala. Safunsa anadya phula. Iwe upite masana, ugone pansi, ugogode ndi sikuludiraiva. Injini yotopa umasintha. Thupi lowola silichira. Uonenso kuti VIN, ija ya zilembo ndi manambala 17, ikufanana ndi yomwe ili pa title, komanso kuti title siyolembedwa salvage. Popanda title yoyera, ku BMV ukavutika.

Zida zoyambira si zambiri: masoketi ndi masipanala a mamilimita, makamaka 10, 12, 14 ndi 17, jeke wa hayidiroliki, masitandi anayi, torque wrench, beseni la oyilo, ndi kamakina ka OBD-II. Kuyambira 1996 magalimoto onse ogulitsidwa mu America ali ndi polumikizira kamakinaka pansi pa chiwongolero. Getsi la injini likayaka, kamakuuza nambala ya vuto, m'malo mogula zipangizo mwamaula. Zida zodula zomwe umagwiritsa ntchito kamodzi pachaka, masitolo ngati AutoZone ndi O'Reilly amabwereketsa: umasiya chikole, ukabweza chida akubwezera ndalama. Oyilo wakutha amalandiranso komweko, osamuthira mu ngalande.

Apa ndilankhule ngati mkulu wanu. Jeke ntchito yake ndi kukweza, si kugwira. Mkati mwake muli oyilo ndi timalabala. Kalabala kakatopa, galimoto imatsika osachenjeza. Tsiku lina ndinakweza mbali imodzi kuti ndingosuzumira, foni inalira m'nyumba, pobwera ndinapeza galimoto yakhala pansi pamene panali mutu wanga mphindi zisanu zapitazo. Ndinakhala pa sitepe nthawi yaitali, manja akunjenjemera, ndikuganiza za abale anga akusonkha ndalama pa WhatsApp kuti maliro apite kumudzi. Kuyambira pamenepo ndimaika masitandi pa simenti yosalala, ndimapinga matayala otsala pansi, tayala lomwe ndachotsa ndimaligoneka kunsi kwa galimoto, kenako ndimaikankha mwamphamvu ndisanalowe. China: m'nyengo yozizira usalize injini chitseko cha galaja chili chotseka. Mpweya wa carbon monoxide sununkha, suoneka, umangokugonetsa.

Galimoto ukaigula, usathamangire zokongoletsa. Yamba waibwezera thanzi. Sintha oyilo ndi fyuluta, madzi a rediyeta, oyilo wa giyabokosi ndi wa difu, mapulagi. Lamba wa timing pa injini imeneyi amasinthidwa pa mamailosi 60,000, ndipo poti wafika kale pamenepo, sintha ndi pampu ya madzi. Kenako yang'ana rediyeta. Pamwamba pake ndi pulasitiki yakuda; ikayamba kuoneka yabulawuni, yapsa ndi zaka, yatsala pang'ono kung'aluka. Ine ndinaiona, ndinati mwezi wamawa. Mwezi wa May tikupita ku Indianapolis pa US 31, ulendo wa mamailosi pafupifupi 150, inaphulikira chakufupi ndi Kokomo. Anzanga anakaonera magalimoto 33 akuzungulira ka 200. Ine ndinali m'mbali mwa msewu kudikira galimoto yokoka. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Tsopano zosinthasintha zija. Ambiri amayamba ndi ekizozi yaphokoso, chifukwa khutu limanyenga kuti galimoto yathamanga. Mndandanda wanga ndi wina.

Choyamba matayala. Galimoto yonse imagwira msewu pa malo anayi, aliwonse kukula ngati chikhatho. Mphamvu ya injini, mabuleki, kukhota, zonse zimadutsa pamenepo. Pambali pa tayala pali manambala oyamba ndi DOT. Anayi omaliza ndi sabata ndi chaka chomwe linapangidwa, ndiye 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Tayala lokalamba limauma ngakhale mizere ikadalipo. Matayala a chilimwe amaumanso kukazizira pansi pa madigiri 7, kapena 45 pa Fahrenheit, ndiye mu November samala. Tili ndi mwayi kuti likulu la Tire Rack lili konkuno ku South Bend. Pomanga manati gwiritsa torque wrench. A Miata amafuna pakati pa 65 ndi 87 ft-lb, osati kudumphira pa sipanala monga tinkaonera kumudzi.

Chachiwiri mabuleki, ndipo chinsinsi chili m'madzi ake. Madzi a mabuleki amayamwa chinyezi. A DOT 3 atsopano sawira asanafike madigiri 205, a DOT 4 asanafike 230, koma akayamwa chinyezi akhoza kuwira cha m'ma 140 kapena 155. Akawira amapanga thovu, thovu limafinyika, phazi limafika pansi galimoto ikupitabe. Botolo lake ndi lotchipa kuposa chakudya chamadzulo cha anthu awiri.

Chachitatu mashoko ndi alayimenti. Kutsitsa galimoto pang'ono kumathandiza pokhota, koma amene anayendapo m'misewu ya Indianapolis mwezi wa March akudziwa maenje omwe madzi oundana amasiya. Ukatsitsa kwambiri, usiya bampala pamsewu.

Mphamvu ya injini, tebo ndi zina zotero, ndi zomaliza. Ndipo usachotse catalytic converter. Ena angakuuze kuti ku Indiana kuyeza utsi kumachitika m'maboma a Lake ndi Porter okha. N'zoona, koma lamulo la dziko lonse la Clean Air Act limaletsa kuichotsa pa galimoto yoyenda mumsewu, kulikonse.

Nanga liwirolo ukaliyesere kuti? Osati pa I-465 usiku. Kupikisana mumsewu ndi mlandu ku Indiana, ndipo kwa ife amene mapepala athu akadali m'manja mwa boma, mlandu ndi katundu wolemera kuposa faindi. Pita ku autocross ya SCCA: amayala makoni pabwalo lalikulu, galimoto imodzi panthawi, ulendo wa pafupifupi mphindi imodzi, nthawi zambiri uli m'giya yachiwiri. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti chochedwa si galimoto, ndine. Ukakhwima, kuli Putnam Park kumadzulo kwa Indianapolis ndi GingerMan ku South Haven, Michigan. Kumeneko galimoto ya denga la nsalu kawirikawiri amafuna ikhale ndi roll bar, ndipo inshuwalansi wamba nthawi zambiri salipira ngozi ya pabwalo. Werenga pepala lako usanapite. Enanu muli pa viza ya F-1: kukonza yako palibe vuto, koma kukonzera anthu n'kumalandira ndalama ndi ntchito, ndipo viza imeneyo ili ndi malire ake.

Pomaliza, ndalama. Walira mvula walira matope. Galimoto yotere imapempha mwezi ndi mwezi, pomwe kumudzi kukufunika fizi ndi feteleza. Lamulo langa ndi ili: lendi, inshuwalansi, zotumiza kwathu, zosunga, ndipo chotsala ndiye cha Miata. Sinditengera ngongole chipangizo chilichonse, ndipo ya kuntchito ndi Corolla yakale, kuti Lolemba ndisadalire bauti lomwe landikanika Lamlungu usiku. Mchere ukayamba kuthiridwa, Miata ndimaitsuka kunsi, ndimadzaza thanki, ndimathira mankhwala osungira petulo, batire ndimalumikiza ku tchaja chaching'ono, n'kuifunditsa mpaka April.

Mng'ono wanga wa ku Indianapolis, ukaipeza unditumizire zithunzi, koma zoyamba zikhale za kunsi. Enanu pitirizani kutumiza mafunso. Sabata yamawa tikamba za kugula galimoto yoyamba ulibe mbiri ya ngongole muno mu America. Masitandi aja musaiwale.