Kalata ya chilekaniro ya kukhoti: kumene mungaipeze ndi mmene mungaipemphere



Mwezi wathawu kunabwera mayi wina ku madrasa kwathu atatsagana ndi mlongo wake. Kwawo ndi kunyanja, mbali ya ku Mangochi, koma anakwatiwira kuno ku Mulanje pamene mwamuna wake ankagwira ntchito pa esiteti ya tiyi. Banja litavuta, mwamunayo anapereka twalaq, nkhani ya ana ndi katundu inakafika kukhoti, ndipo majisitireti anagamula. Pepala limene mayiyo anapatsidwa linapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, iye asanabwerere kwawo. Tsopano wapezeka mwamuna wina womufunsira, koma shehe wa kwawoko wakana kumanga nikaah popanda umboni woti banja loyamba linathadi. Sheheyo sanalakwe. Funso la mayiyo linali loti pepala lina alipeza bwanji, ndipo yankho limene ndinamupatsa ndi limene ndikulemba pano.

Chifukwa chake pepalali ndi lofunika

Chisilamu sichifuna kuti nkhani zikuluzikulu zizithera pakamwa pokha. Mu Surat At-Twalaq talamulidwa kuika mboni ziwiri zolungama pa nkhani yobwererana kapena kusiyana, ndipo ayah yaitali kwambiri mu Qur'an yonse, ya 282 mu Surat Al-Baqarah, ikunena za kulemba ngongole. Ngati ngongole ya thumba la chimanga ikuyenera kulembedwa, kuli bwanji kutha kwa banja?

Tsiku la twalaq ndi limene timayambira kuwerenga edda. Mkazi sangakwatiwe edda isanathe. Komanso mwamuna akamwalira mkazi ali mu edda ya twalaq yololeza kubwererana, mkaziyo amalandirabe gawo lake la chuma cha masiye. Tsiku likasokonekera, abale amakangana pamaliro.

Kumbali ya boma, lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa chipembedzo, wa chikhalidwe ndi wolembetsa ku boma. Koma maofesi sagwira ntchito ndi mawu apakamwa. Amene amagawa chuma cha masiye motsatira lamulo la 2011, a penshoni ndi a kubanki amafuna kuona chigamulo cha khoti. M'chigamulomo ndi mmenenso mumalembedwa amene azisunga ana, ndalama zothandizira anawo, ndi kagawidwe ka katundu. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa mkazi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri banja likatha. Mwamuna akasiya kupereka thandizo, mayi wopanda pepala amavutika kukadandaula.

Fayilo yanu ili ku khoti liti

Mfundo yoyamba ndi iyi: fayilo imakhala pa khoti limene linamva mlanduwo. Ngati mlandu unamvekera ku Mulanje, musataye ndalama kukaufunafuna ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota chifukwa choti ndi kumene mukukhala tsopano. Pitani kumene majisitireti anagamulira.

Maukwati ambiri a Asilamu kumidzi kwathu amakhala ndi ankhoswe mbali zonse ziwiri, ndipo milandu yake imamvekera ku makhoti a majisitireti. M'boma limodzi mumatha kukhala makhoti angapo, lina pa boma penipeni, ena m'misika ikuluikulu. Funsani ankhoswe kuti akukumbutseni pamene munakhala tsiku la mlandu. Mukakayika, yambirani pa khoti la pa boma la Mulanje, akalaliki akulozerani.

Ukwati wolembetsa ku boma, uja ena amati wa kwa DC, umathetsedwa ndi khoti lalikulu la High Court, limene kuyambira 2016 lili ndi nthambi yoona za mabanja ndi chuma cha masiye. Anthu a ku Mulanje amapita ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, pamene a ku Mangochi amapita ku Zomba. Kumeneko chenjerani ndi chinthu chimodzi. Khoti limayamba lapereka chigamulo chongoyembekezera, chotchedwa decree nisi, ndipo chomaliza, decree absolute, chimabwera pambuyo pake. Chimene chimamasula munthu kuti akwatire kapena kukwatiwanso ndi chomalizacho. Ena amasunga choyamba chokha n'kumaganiza kuti zonse zinatha.

Zoyenera kunyamula

Chinthu chofulumizitsa ntchito kuposa zonse ndi nambala ya mlandu. Mlandu uliwonse umalembedwa m'kaundula wa khoti ndi nambala yake ndi chaka chake. Nambalayi imapezeka pa samoni imene munalandira, pa lisiti la ndalama zimene munalipira potsegula mlandu, kapena pa kalata iliyonse yochokera kukhotiko. Fufuzani m'sutikesi, funsaninso ankhoswe ndi amene munasiyana nayeyo ngati mumalankhulana.

Ngati nambala yasowa, lembani papepala maina onse a anthu awirinu, chaka cha mlandu, ndi mwezi ngati mukuukumbukira. Apa ndi pamene ife Asilamu timavutikira kawirikawiri. Munthu amadziwika ndi dzina lina kumzikiti, lina kusukulu, lina pa chiphaso cha unzika, ndipo kalembedwe ka maina athu kamasinthasintha malinga ndi amene wagwira cholembera. Lembani maina onse amene munkagwiritsa ntchito nthawi imeneyo kuti kalaliki afufuze m'kaundula mosaphonya. Tengani chiphaso chanu cha unzika cha NRB ndi fotokope yake, komanso satifiketi ya nikaah ngati ilipo.

Mukafika kukhoti

Funsani ofesi ya kalaliki woona za milandu ya mabanja, osati anthu ongoima panja. Nenani kuti mukufuna kope yotsimikizika ya chigamulo. Mungauzidwe kulemba kalata yopempha. Ikhale yaifupi: dzina lanu, dzina la mnzanuyo, nambala kapena chaka cha mlandu, ndi chifukwa chimene mukufunira pepalalo. Sungani fotokope ya kalatayo.

Pamakhala kandalama kolipira. Lipirani pa ofesi yolandirira ndalama ndipo mulandire lisiti la boma. Ndalama yoperekedwa pambali popanda lisiti ndi chiphuphu, ndipo ndi haraam kwa wopereka ndi wolandira yemwe.

Musananyamuke, onetsetsani kuti pepalalo lili ndi chidindo cha khoti, siginecha, tsiku, ndi maina olembedwa molondola. Fotokope yopanda chidindo siimveka m'maofesi. Mafayilo akale satuluka tsiku lomwelo, choncho wochokera kutali afunse tsiku lodzabweranso asanakwere basi. Ngati mwini mlandu ali ku Joni kapena akudwala, amene watumidwa atenge kalata yosainidwa yomupatsa mphamvu ndi fotokope ya chiphaso cha mwiniyo. Ana amene akufuna chigamulo cha makolo awo pa nkhani ya chuma cha masiye atenge chikalata cha imfa ndi umboni woti ndi anadi a malemuwo.

Fayilo ikapanda kupezeka

Musabwerere msanga. Ngakhale fayilo itasowa, mlandu umakhala utalembedwa m'kaundula, ndipo mungapemphe kuonana ndi majisitireti kuti akuuzeni chimene khoti lingakulembereni kuchokera m'menemo. Milandu ya kale kwambiri, chisanafike chaka cha 1994, inkamvedwa ndi makhoti a makolo, amene pambuyo pake ntchito yawo inapita kwa amajisitireti. Zolemba zakale za boma zimasungidwa ku National Archives mu mzinda wa Zomba, ndipo kalaliki angakuuzeni ngati fayilo yanu inatumizidwa kumeneko. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu osauka pa milandu.

Ngati banja linathera kumzikiti kokha

Pamenepo kukhoti kulibe chimene mungapeze, chifukwa mlandu sunatsegulidwe. Pitani kwa shehe amene anamva nkhaniyo, pamodzi ndi mboni ndi ankhoswe, akulembereni kalata yonena tsiku la twalaq kapena khul'u, ndi kuti inali twalaq yachingati. Ngati pali ana, nyumba, munda kapena ndalama za kuntchito, katsegulitseni mlandu kukhoti kuti zonse zilembedwe mboni zidakali moyo. Ife mashehe tilinso ndi udindo wosunga buku la nikaah ndi twalaq pa mzikiti uliwonse, mosamala ngati mmene timasungira ndalama za zakaat.

Mayi uja anapeza samoni yake yakale kwa nkhoswe wa kuchimuna, ndipo pa samoniyo panali nambala ya mlandu. Mukalandira pepala lanu, lijambuleni ndi foni, chititsani mafotokope awiri, imodzi mukasungitse kwa m'bale wokhala mudzi wina, ndipo lenilenilo mulikulunge mu pulasitiki.

Allah ndiye Wodziwa kwambiri. Tikumpempha kuti aike mtendere m'mabanja athu. Ameen.